Mau a Ulonda, Kuyambira pa Cilindo Kufikira pa Boma

Ife a m'tauni tikamva mau akuti mlonda tiganiza za munthu wobvala jasi, wokhala pakhomo pa sitolo usiku ndi cibonga m'manja ndi mbaula pambali. Koma ulonda sunayambe ndi masitolo ai. Makolo athu anali ndi mau ambiri a nchito imeneyi, ndipo ndifuna kuti tiwaone bwino, cifukwa mauwo atiuza amene anali kusunga mudzi pa nyengo iri yonse.

Tiyambe ndi mau awiri, kulinda ndi kulonda. Kulinda ndiko kukhala pamalo amodzi uli ceru, kuyembekeza cimene cingadze. Kulonda kuli pa cibale ndi kulondola, ndiko kutsata mapazi kufikira utapeza mwini wace. Ine ndiyesa kuti mlonda weniweni ayenera kudziwa zonse ziwiri: wongolinda mbala imzemba kumbuyo, ndipo wongoyendayenda asiya khomo lopanda munthu.

Sukulu yoyamba ya ulonda inali kumunda. Mapira akayamba kuca, ana anali kukwera pa nsanja m'mamawa kuingitsa mbalame, ndi masana anyani ndi apusi. Usiku inali nchito ya akulu. Mwamuna anali kugona m'cilindo, ndiko kanyumba ka kumunda, nasonkha moto, naomba cinthu ciri conse comveka kuti nguluwe zisalowe. Panalibe malipiro, pakuti munthu anali kulinda cakudya cace comwe. Ena anali kuonjeza kutsirika, ndiko kuika mankhwala m'munda kapena pa nyumba kuti mbala ndi mfiti ziope. Kwa iwo mankhwalawo anali mlonda amene sagona tulo.

M'mudzi cinthu cacikuru cinali mfuu. Tisasokoneze mfuu ndi nthungululu. Nthungululu ndi ya cimwemwe; mfuu ndi kukuwa kwa munthu amene waona mkango, moto kapena nkhondo. Wakumva mfuu sanali kufunsa kuti wakuwa ndani, koma kutola uta kapena nkhwangwa ndi kuthamangira komweko, ndipo mwamuna wotsala m'nyumba anali kucita manyazi m'mawa pabwalo. Apa tiona kuti mudzi wonse unali alonda.

Zinthu zinabvuta Angoni atafika. Iwo anaoloka Zambezi m'caka ca 1835 ndi Zwangendaba, ndipo patapita zaka mwana wace Mpezeni anadzakhazikika m'dziko la Acewa ndi Ansenga. Nkhondo yao inali kudza nthawi ya cirimwe, anthu atakolola, ndipo inali kugwera mudzi mbandakuca. Mpanda wamba wa maudzu sunathandize kanthu. Acewa ena anathawira kumapiri, ena anamanga malinga. Linga linali mpanda wa mitengo ikuluikulu yozika pafupipafupi, pena womata ndi dothi, wokhala ndi ziboo zoponyerapo mibvi kapena kuombera mfuti. Polowera pace ndipo pa cipata. Cipata cinali copapatiza dala kuti adani asalowe ambiri nthawi imodzi, ndipo dzuwa likalowa anali kucitseka ndi mipiringidzo. Kunja kunali azondi, anthu opita kukazonda kumene adani ali ndi kubwera ndi mau. Koma linga lopanda madzi pafupi linali msampha kwa eni ace, popeza adani akalizinga ludzu lokha linali kutsegula cipata. Mau amenewa sanafe: ku Nkhotakota, kumene kunali mudzi wa Jumbe, kufikira lero anthu akuchula kuti ku Linga.

Angoni eni ace sanasamale za malinga. Iwo anaika cibaya ca ng'ombe pakati pa mudzi, nyumba nizizungulira, nakhulupirira zishango ndi mikondo ya anyamata ao. Zimenezi zinakwanira kufikira January 1898, pamene asilikali ocokera ku Nyasaland anadza ndi mfuti zazikuru, nagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha mwana wace Nsingo, nalanda ng'ombe zambiri. M'caka ca 1899 Fort Jameson, imene lero tiicha Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia.

Kuyambira pamenepo mau a ulonda anayamba kucokera kunja. Boma ndi mau a Ciswahili, ndipo tanthauzo lace loyamba ndi mpanda kapena linga lomwe. Azungu oyamba anali kukhala m'kati mwa mpanda wotere, tsono anthu anacha malowo boma, kenaka anacha ndi olamulira omwe dzina lomwelo. Mudzamva ena ophunzira alikunena kuti boma ndi cidule ca British Overseas Military Administration. Nkhani imeneyo ikoma m'makutu, koma si yoona. Mauwo analipo ku gombe la kum'mawa Angerezi asanayambe kulamulira kuno. Msilikali ndi askari wa Ciswahili, amenenso anacokera ku Ciarabu. Kapitao tinalandira kwa Apwitikizi a ku Tete. Mesenjala ndi polisi ndi a Cingerezi. Mafumu naonso anakhala ndi akapaso ao, oitana anthu ku milandu ndi kusunga bata pabwalo, ndipo iwowa alipo ndi lero.

Kusiyana kwace ndi uku: anthu onsewa alonda cifukwa analembedwa nchito, ndipo cimene alonda si cao. Cifukwa cace panadza malamulo amene cilindo sicinawadziwe. Mlonda wa pa kampani alandira makiyi powerenga, ayendera maloko onse asanakhale pansi, alemba m'buku wolowa ndi wotuluka, ndipo sacoka pamalo mnzace wosinthana naye asanafike. M'malo mwa mfuu aliza wezulo kapena aimba foni. Kapitao wace amyendera pakati pa usiku kuona ngati wagona.

Kuli kanthu kenanso kamene kasokoneza alendo. M'matauni a Zambia anthu ambiri acha mlonda kuti malonda, monga anenera Abemba, pamene m'Cinyanja ca kumudzi malonda ndi kugula ndi kugulitsa. Munthu wocokera ku Katete akauzidwa pa geti ku Lusaka kuti, "Yambani mwaonana ndi a malonda," asayang'ane sitolo. Afune munthu wa cibonga uja.