Wolongolola Si "Violent"

Anzanga a Fomu 2, JCE ikubwera. Ambirife munthu akangokwiya m'nkhani timathamangira kulemba kuti anali "violent". Komatu mawu a Chingerezi onena za ukali amasiyana kulemera kwake. Ndasankhapo asanu.

"Quarrelsome" ndi munthu wolongolola. Pamjigo amakangana ndi aliyense za chidebe chimene chinayamba kufika, koma dzanja satukula.

"Hostile" ndi wachidani. Mwina sayankhula n'komwe. Ukamupatsa moni amangokuyang'ana ndi diso lofiira.

"Aggressive" ndi wolusa, wosachedwa kuputa ndewu. Taganizani za mvuu ya mu Shire imene ili ndi mwana, bwato likaiyandikira, kapena njati yovulala ku Majete.

"Violent" ndiye kuti zafika pomenya, kuvulaza kapena kuswa zinthu. Mawuwa amagwiranso pa mphepo ndi madzi. Namondwe Ana, amene anawononga damu la magetsi la Kapichira mu Januwale 2022, tingamutche "violent storm".

"Bully" amasankha wochepa mphamvu, monga wa Fomu 1, n'kumamuzunza mobwerezabwereza.

Izitu si za mayeso okha ayi. Pakachitika mkangano, aphunzitsi angakuuzeni kuti mulembe lipoti monga mboni. Mukalemba "violent" pamene mnzanu anangolalata, mwamunamizira kuti anamenya munthu, ndipo akhoza kuimitsidwa sukulu. Mukalembanso "quarrelsome" pamene wina wachoka magazi, womenyayo mwamubisa. Musanalembe, dzifunseni: panagwira ntchito pakamwa, maso, kapena chibakera?