Nzeru Yofulumira ndi Nzeru Yodekha

Yesani kafunso aka. Kapu ndi supuni pamodzi mtengo wake ndi K11. Kapu iposa supuni ndi K10. Kodi supuni igulidwa zingati? Ambiri ayankha msanga kuti K1. Koma yankho loona ndi 50 ngwee, pakuti kapu ndi K10.50.

Yankho lolakwa lija silicokera m'umbuli ai. Lingotulukira lokha tisanayambe kuwerengera. Daniel Kahneman, katswiri wa za maganizo a anthu amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002, analongosola m'buku lake la 2011 kuti munthu aganiza m'njira ziwiri. Ina ndi yofulumira, igwira nchito mwini wake osazindikira. Inzake ndi yodekha, ifuna khama, ndipo kunena zoona ndi yaulesi: kawirikawiri ingobvomereza zimene yofulumira yanena.

Tisainyoze yofulumirayo. Mai amene waphika nsima zaka 20 safunsa munthu ngati yapsa. Dzanja lidziwira pa mthiko. Mu 2009 Kahneman ndi Gary Klein, amene anafufuza za akulu a ozimitsa moto, anagwirizana kuti nzeru imeneyi idalirika pamene cinthu cibwerezedwa kawirikawiri, ndipo wolakwa aona msanga kulakwa kwake. Nsima yosapsa idziwika pa mphasa madzulo omwewo.

Nanga kaloba? Wokongola aona ndalama m'manja lero, ululu wa ciwongoladzanja umpeza mwezi utatha. Nanga cikwati, cimene munthu salowa kawiri kuti aphunzirepo? Apa mtima ulibe pozolowera, koma ulankhula molimba cimodzimodzi.

Coopsa koposa ndi ici. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, mitima ya abale ithamangira kwa agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi. Palibe wawerengera, palibe wafunsa ku cipatala ngati anali malungo, onse angoti, “Tidziwa.” Kudziwa kumeneku ndi kofanana ndi kwa K1 uja, koma wolipira ndi nkhalamba yopirikitsidwa pa mudzi pamene inabala ndi kulera ana.

Ignatius Woyera wa ku Loyola, amene anamwalira mu 1556, analangiza ophunzira ake kuti pa nthawi ya mdima ndi cisokonezo ca mumtima asasinthe zimene anatsimikiza mtima uli pansi, koma ayembekeze kufikira bata litabwerera. Masiku a maliro ndi nthawi yotere, ndipo ndi masiku omwewo pamene mabanja ambiri aweruza za imfa, za cuma ca womwalira ndi za kumene ana amasiye adzakhala.