Ana odwala kwa nthawi yaitali akusowa m'ziwerengero za ku Rufunsa

Anthu ochita kalembera wa zaumoyo akafika pakhomo, amafunsa mayi ngati mwana wake watsegula m'mimba, watentha thupi kapena kutsokomola m'masabata awiri apitawa. Ndi mafunso abwino, koma pali ana ena amene sagwidwa nawo. Mwana wobadwa ndi msana wotseguka, wa madzi m'mutu, kapena wa khunyu amene satha kukhala tsonga ndi kumeza bwino, akhoza kulembedwa ngati wathanzi chifukwa chakuti m'masabata awiriwo sanadwale malungo.

Madokotala amati mwana ali ndi zosowa zovuta pamene matenda ake ndi okhalitsa, akhudza ziwalo zingapo, ndipo amafuna mankhwala, opaleshoni, mafizo kapena zipangizo kwa zaka zambiri. Ana otere ndi ochepa, ndipo vuto lagona pamenepo. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa mu 2018 anafika m'makomo pafupifupi 13,000 m'dziko lonse. Anatiuza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Koma zotsatira zake zimalekera pa chigawo, sizitsika kufika pa boma. Rufunsa, yomwe inapatulidwa ku Chongwe, ili m'chigawo cha Lusaka, choncho midzi ya kwa Shikabeta ndi kwa Bunda Bunda imamira m'ziwerengero za mzinda waukulu.

Pofuna kupeza ana otere, ku America amagwiritsa ntchito mafunso asanu, monga ngati mwana amafunika mankhwala olembedwa ndi dokotala kapena mafizo, ndiponso ngati vutolo latha kapena litha miyezi 12. Kuno mafunso oterowo angatisokeretse. Mayi amene sanaonanepo ndi wa mafizo angadziwe bwanji kuti mwana wake akufunika mafizo? Ayankha kuti ayi, ndipo mwana uja wasowanso.

Njira yomwe ndikuona kuti ingatithandize ndi ya UNICEF ndi Washington Group, yomwe inatuluka mu 2016 ya ana a zaka 2 mpaka 17. Sifunsa dzina la matenda ayi. Imafunsa ngati mwana amavutika kuona, kumva, kuyenda, kulankhula kapena kuphunzira, ndiponso kuti amavutika motani. Makolo ambiri amene sangavomere mawu akuti "wolumala", poopa manyazi kapena zonenedwa za ufiti, amayankha momasuka akafunsidwa ngati mwana amatha kuyenda yekha.

Komabe mafunso okha sakwanira. Chipatala cha St Luke's ku Mpanshya ndi zipatala zing'onozing'ono za m'mbali mwa msewu wa Great East zimalemba okhawo amene afika. Amene anatumizidwa ku chipatala cha UTH kapena cha Beit CURE ku Lusaka amalembedwa kumeneko. Nanga amene mayi wake analeka kupita naye ku sikelo chifukwa wakula, sabelekekanso kumsana? Odziwa pomwe ali ndi anyakwawa ndi anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi, ndipo zomwe akudziwazo ziyenera kulowa m'mabuku a ofesi ya zaumoyo ya boma, chifukwa mankhwala a khunyu ndi njinga za olumala amaitanitsa potengera manambala.

Inu makolo, olemba akabwera musabise mwana m'nyumba. Mutchuleni dzina, ndipo fotokozani zonse zimene zimamuvuta.