Mpunga Umwetedwe Liti? Funso la Mnyamata wa Basiketibolo

Unali mwezi wa Meyi, ndili m'munda kumweta mpunga, pamene foni inalira m'thumba. Kuno ku Chama netiweki imagwira mwa apo ndi apo, choncho ndinaika chikwakwa pansi n'kukwera pachulu kuti ndimve bwino. Anali mwana wa mlongo wanga, amene ali chaka chachiwiri pa koleji ina ku Lusaka. Anapereka moni mwaulemu monga mwa nthawi zonse, koma mawu ake ankachita kuonetseratu kuti pali chimene chamuima pakhosi.

"Atsibweni, kwabwera munthu kuno. Wandiona ndikusewera, ndiye akuti kuli timu kunja imene ikufuna munthu wa msinkhu wanga. Akuti ndikachedwa malowo atenga wina. Ndisiye sukulu kapena ndimalize kaye?"

Mnyamatayu ndi wamtali zedi, pakhomo la nyumba ya agogo ake amalowa chowerama. Basiketibolo anaiphunzirira ku sekondale, pabwalo la simenti yong'ambikang'ambika, mphete yake yopindika ndiponso yopanda ukonde. Bambo ake anamwalira iye ali giredi 6, ndipo fizi yake yonse yachokera m'matumba a mpunga amene mayi ake ndi ine timanyamula pa njinga. Ndakhala mphunzitsi zaka zambiri, ndaphunzitsako ndi masewero, koma tsiku limenelo ndinangoti, "Mwanawe, ndipatse masiku atatu." Zimene ndinasinkhasinkha pa masiku atatuwo ndi zimene ndikulemba pano, chifukwa makolo amene adzalandire foni ngati imeneyi ndi ambiri.

Funsoli si lathu tokha. Mwezi womwewu umene ife timakhala kalikiliki ndi mpunga, anyamata a m'makoleji a ku America amakhala atagwira njakata pa nkhani yomweyi. Kumeneko basiketibolo ya m'makoleji, imene amaiyendetsa a bungwe la NCAA, imadzaza mabwalo, ndipo n'kumene ligi ya NBA imatolako osewera ake ambiri. NBA ili ndi matimu 30. Chaka chilichonse, kawirikawiri mu Juni, matimuwa amasankha osewera atsopano mosinthanasinthana pa mwambo umene amautcha draft. Magawo ndi awiri, lililonse la anthu 30, kutanthauza kuti malo ndi 60 basi, olimbirana anyamata a dziko lonse lapansi. Kuyambira 2006, munthu wa ku America saloledwa kulowa nawo ngati sakwanitsa zaka 19 m'chaka chimenecho, komanso ngati sipanadutse chaka chimalizireni sekondale. N'chifukwa chake ambiri amayamba adzera ku koleji, ena chaka chimodzi chokha.

Mutu wa nkhani uli pa kusiyana kwa magawo awiriwa. Wosankhidwa m'gawo loyamba amapatsidwa kontrakiti imene ndalama za zaka ziwiri zoyamba ndi zotsimikizika. Kaya athyoke mwendo, kaya angokhala pabenchi, malipiro alandirabe. Wa gawo lachiwiri alibe chitsimikizo chotero pokhapokha timu itafuna yokha. Wosasankhidwa konse amatsala padzuwa, pakuti mwa lamulo la NCAA timu ya koleji sangaisewererenso.

Chimene chimandichititsa kaso n'chakuti mnyamata amaloledwa kuyesa madzi ndi ndodo asanawoloke. Amalembetsa dzina mu Epulo. Akaitanidwa, amapita ku Chicago mu Meyi kumene amakamuyeza msinkhu, kutalika kwa mikono, kudumpha ndi liwiro, madokotala n'kumuunika thupi lonse. Palinso komiti ya akuluakulu a matimu imene imamuuza mosapita m'mbali pamene akuona kuti angagwere. Kuyezako kukatha, ali ndi masiku 10 oti achotse dzina lake n'kubwerera kusukulu osataya malo mu timu. Amene amamuuza ngati wakhwima ndi anthu ambiri odziwa ntchitoyo, osati munthu mmodzi amene akufuna kudyerapo.

Kale, wobwerera ku koleji ankabwerera ku umphawi, chifukwa wosewera wa koleji sankaloledwa kulandira malipiro. Pa 1 Julayi 2021 lamulo linasintha, osewera anayamba kulandira ndalama potsatsa malonda ndi dzina komanso nkhope zawo. Mu Juni 2025 khoti linavomerezanso kuti makoleji azilipira okha osewera, mpaka pafupifupi madola 20.5 miliyoni pa koleji iliyonse m'chaka choyamba. Zotsatira zake zinaonekera msanga. Mu 2021 amene analembetsa draft nthawi yawo isanakwane anaposa 350, pamene mu 2025 anali 106 okha. Anyamata atayamba kukhuta kusukulu, phuma linachepa. Ine pamenepa ndinaphunzirapo kuti ambiri amene ankathamanga ankathamangitsidwa ndi njala.

Pali anyamata awiri a mayiko oyandikana nafe amene ndinawaganizira kwambiri. Woyamba ndi Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam, chimunthu cha mamita 2.21. Anasewera zaka zitatu ku yunivesite ya Connecticut, n'kusiya kutatsala chaka chimodzi. Mu 2009 timu ya Memphis Grizzlies inamusankha pa nambala 2, patsogolo pa James Harden ndi Stephen Curry. Masewero ake ku NBA sanayende. Chaka choyamba chisanathe anamutsitsira ku ligi yaing'ono, kenako anangodutsa ku Houston, Portland ndi Oklahoma City, pofika 2014 za NBA n'kuthera pomwepo. Anthu amamutchula ngati chitsanzo cha wolephera. Ine ndikuti pa funso lathuli Thabeet anasankha bwino. Chaka choyamba chokha malipiro ake anaposa madola 4 miliyoni, olembedwa papepala. Akanabwerera ku koleji, nambala 2 akanaikweza kufika pati? Chimene chikanamudikira ndi kuvulala, kapena kuti matimu aone bwino zofooka zake.

Wachiwiri ndi Oscar Tshiebwe wa ku Lubumbashi, kungowoloka malire a ku Copperbelt. Mu 2022, akusewerera yunivesite ya Kentucky, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'makoleji a ku America. Munthu ungaganize kuti ameneyo matimu a NBA akanamulimbirana. Koma kaseweredwe ka NBA n'kena, kumafuna wamtali wotha kuponya ali patali ndi kuthamangitsana ndi anyamata aafupi opepuka miyendo, ndipo zinkaoneka kuti gawo loyamba salowa. Tshiebwe anabwerera ku Kentucky. Popeza viza ya mwana wasukulu wochokera kunja simulola kugwira ntchito yolipidwa momasuka ali ku America, ntchito zambiri zotsatsa malonda anakazichitira ku Bahamas pamene timu yake inapitako mu Ogasiti 2022. Anaseweranso chaka chimodzi, bondo linamuvutako, ndipo mu draft ya 2023 palibe timu imene inamusankha. Analowa NBA podzera khomo lakuseri, pa kontrakiti yaing'ono ndi Indiana Pacers, kenako Utah Jazz. Ena amati kubwerera kunamugwetsa mtengo. Ine ndikuona kuti mtengo wake ku NBA unali womwewo kuyambira kale, ndipo chaka chimene anawonjezera chinamupatsa ndalama ndi maphunziro zimene gawo lachiwiri silikanamulonjeza.

Wina anapita, wina anatsala, ndipo onse awiri anatsata pamene panali chogwirika.

Ife a ku Chama nkhani imeneyi sitiyenera kuivutikira kumva, chifukwa timakhala nayo m'minda mwathu. Mpunga wathu ndi wotchuka, ku Lusaka amaugula ndi dzina, ndipo a kampani ya COMACO amaulongedza m'mapaketi. Koma mlimi aliyense akudziwa kuti kumweta kuli ndi nthawi yake. Ukamweta ngala zisanawerame ndi kufiira, pokapuntha umapeza mankhusu okhaokha, ndipo kuchigayo umasweka n'kukhala misere. Ukachedwanso, mpheta zimakhala zayamba kale, njere zimayoyokera pansi, ndipo usiku umodzi wokha njovu zochokera ku Luangwa zikhoza kumaliza thukuta la chaka chonse. Ndinagonapo kumunda ndi chitini ndi moto wa tsabola, ndikudziwa mmene mtima umagundira ukamva nthambi zikuthyoka mumdima. Choncho amene amanena kuti kudikira n'kwabwino nthawi zonse sanalimepo kuno.

Koma pali munthu wina amene timamudziwanso: wogula amene amafika mu Febuluwale kapena Malichi, nkhokwe zitauma, n'kupereka kandalama kuti adzatenge matumba pokolola. Amabwera nthawi ya njala mwadala, ndipo nthawi zonse amakhala ndi changu. Atangoti mnyamata uja "akuti ndikachedwa malowo atenga wina," ine ndinamva mawu a wogula ameneyu.

Kwathu kuno basiketibolo sinafike podyetsa munthu moyo wake wonse. Matimu alipo, monga Matero Magic, Munali Suns ndi UNZA Pacers ku Lusaka, kapena Bravehearts ku Lilongwe, ndipo kuyambira 2021 kuli ligi ya BAL imene NBA ndi bungwe la FIBA anakhazikitsa mu Africa. Koma osewera athu ambiri ndi ana asukulu, asilikali kapena anthu apantchito. Kumene funsoli limaluma kwenikweni ndi ku mpira wamiyendo. Tonse tikukumbukira Malichi 2017, pamene anyamata athu osapitirira zaka 20 anagonjetsa Senegal 2-0 pa Heroes Stadium n'kutenga chikho cha Africa. Chaka chomwecho Patson Daka ndi Enock Mwepu anali ku Austria m'manja mwa Red Bull Salzburg, ndipo Fashion Sakala, mwana wa kwathu ku Chipata, anapita ku Spartak Moscow. Anapita akadali ana, koma anapita kudzera ku matimu awo, ku makalabu odziwika, atasaina mapepala.

Nkhani ya Mwepu ndi imene imandikhudza kuposa zonse. Mu 2021 anafika ku Brighton mu ligi ya ku England. Mu Okutobala 2022, ali ndi zaka 24 zokha, madokotala anamupeza ndi vuto la mtima lobadwa nalo, ndipo mpira unathera pomwepo. Akanazengereza zaka zitatu kapena zinayi, Ulaya sakanamuona n'komwe. Komanso taonani kufupika kwake kwa ntchito imeneyi: pa msinkhu umene mnzake amakhala akuyamba kumene uphunzitsi, iye anali atapuma kale. Chimene chinamugwira dzanja n'chakuti anali pa kalabu yeniyeni, imene inamuyeza, inamusamala, ndipo pambuyo pake inamupatsa ntchito yophunzitsa ana ku akademi yake. Mnyamata wopita ndi munthu wachikwama amene wakumana naye pabwalo, mtima ukamuvuta kapena bondo likaphulika, adzamugwira dzanja ndani m'dziko la eni?

Tisaiwalenso kuti ngakhale ku America, kumene kuli zonse, mwa osewera basiketibolo a m'makoleji amene afika pa msinkhu wa draft, amene NBA imawasankha ndi pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Ndipo kumeneko wosiya sukulu amakhala ndi njira yobwerera kudzamaliza digiri. Kwathu kuno mwana akasiya koleji chaka chachiwiri, fizi ya zaka ziwiri yapita, malo apita, ndipo mayi amene anagulitsa mpunga sangayambirenso. Mapanga awiri avumbwitsa, koma choopsa kwambiri ndi kutuluka m'phanga limene ulimo kuthamangira lina limene sunalione ndi maso.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndimawanena mosaopa. Mwana apite msanga ngati timu yeniyeni, yodziwika dzina ndi malo, yalemba kontrakiti yonena malipiro, nthawi, malo ogona ndi amene adzalipire chipatala akavulala, ndipo bungwe loyendetsa masewerowo m'dziko muno laiona. Zikatero musamugwire mwendo chifukwa cha mantha anu, pakuti thupi la wosewera silidikira. Ngati palibe zimenezo, abwerere m'kalasi, azisewerabe, akule. Wosakwana zaka 18 asapite n'komwe, ndipo ku mpira wamiyendo FIFA imaletsa kale kusamutsira ana otere kunja kupatula pa zifukwa zochepa. Satifiketi ya giredi 12 isakhale pa msika. Ndipo munthu aliyense amene akupempha ndalama kwa makolo kuti mwana akayesedwe, ameneyo akugulitsa inu, sakugula mwana. Timu ikafuna wosewera imalipira yokha tikiti.

Tsiku lachitatu ndinakweranso pachulu paja. Mayi ake anaima m'munsi atagwira lichero, akundiyang'ana.

"Achimwene, mumuuze bwino. Ine ndikangomva zoti kunja, mtima umandithawa."

Nditamupeza mnyamatayo ndinati, "Mwanawe, ine sindikukaniza. Kamufunse munthuyo zinthu zinayi. Timuyo dzina lake ndani? Kontrakiti ili kuti? Tikiti alipira ndani? Ukavulala akuchiza ndani? Akabweretsa pepala, ndikwera basi ya ku Lundazi ndi Chipata, ndidzaliwerenge ndekha, tikalionetsenso ku bungwe la basiketibolo. Likakhala loona, ndidzakuperekeza ine ku eyapoti."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Atsibweni, za tikiti ananena kale. Akuti tiyambe talipira ife, adzatibwezera ndikasaina."

Mpunga tinamaliza kumweta mu Juni, tinapuntha, ndipo matumba asanu ndi limodzi tinagulitsa n'kutumiza fizi ya temu yotsatira. Mnyamatayo akusewererabe timu ya koleji yake, ndipo madzulo alionse akuphunzira kuponya ali patali. Pepala lija mpaka lero silinabwere.