Kusoka Bulauzi Pakhomo

Bulauzi ndi malaya amene amayi ndi atsikana amavala pamodzi ndi siketi kapena chitenje. Anthu ambiri amagula bulauzi yosokasoka kusitolo kapena kumsika, ndipo ena amapita ndi nsalu yao kwa telala. Koma alipo amayi ena amene amadzisokera okha pakhomo. Mayi wotere amapulumutsa ndalama zimene akadalipira telala, ndiponso amavala chovala chomukhala bwino chifukwa chasokedwa potsata msinkhu wake. Ntchito imeneyi siilira mphamvu ai, koma kudekha, pakuti nsalu ndi ya mtengo wapatali, ndipo ikangodulidwa molakwika siingabwererenso mwakale.

Kodi patani n'chiyani?

Bulauzi ili ndi zigawo zingapo. Pali chigawo chakumbuyo, zigawo ziŵiri zakutsogolo, manja aŵiri ndi kolala. Chigawo chilichonse chili ndi maonekedwe akeake. Patani ndi mapepala odulidwa molingana ndi zigawo zimenezi. Wosoka amayala mapepalawo pansalu, nadula motsata m'mphepete mwake. Monga chikombole chithandiza woumba njerwa kuti njerwa zake zikhale zofanana, chomwechonso patani imathandiza wosoka kuti dzanja lamanja lisatalike kuposa lamanzere.

M'chaka cha 1863 telala wina wa ku America, dzina lake Ebenezer Butterick, adayamba kugulitsa mapatani a mapepala a misinkhu yosiyanasiyana. Nthaŵi imeneyo n'kuti makina osokera atayamba kufala, makamaka amene Isaac Singer adapanga mu 1851. Zinthu ziŵirizi zidathandiza amayi ambiri kuyamba kusoka zovala zooneka bwino m'nyumba zao.

Komabe si patani yogula yokha imene imagwira ntchito. Mayi angathe kubwereka patani ya mnzake ndi kuijambula papepala lina. Angathenso kuijambula yekha panyuzipepala yakale kapena papepala la khaki. Njira ina yapafupi ndiyo kusomola bulauzi yakale imene inkamukhala bwino, kusita zigawo zake, ndi kuziyala papepala kuti ajambule maonekedwe ake.

Zipangizo zofunika

Wosoka asanayambe ntchito amasonkhanitsa zipangizo zake zonse. Zipangizozo ndi izi: nsalu, ulusi wofanana mtundu ndi nsaluyo, singano, timapini, tepi yoyezera, choko, sizasi yakuthwa, mabatani ndi simbi yositira. Sizasi yodulira nsalu siiyenera kudulira mapepala, chifukwa mapepala amaibunthitsa msanga, ndipo sizasi yobuntha imatafuna nsalu m'malo moidula. Ngati pakhomo pali makina osokera, ntchito imayenda msanga. Ngati palibe, singano yapamanja ikwanira, kungoti ntchito imatenga masiku angapo.

Kwa munthu wongoyamba kumene, nsalu yabwino ndi ya thonje. Nsalu imeneyi siiterera poidula, imamwa thukuta, ndipo siitentha thupi m'miyezi yotentha ya Okotobala ndi Novembala. Thonje lopangira nsalu zotere limalimidwa m'maboma monga Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima. Chitenje chimodzi cha mamita 2 chimakwanira bwino bulauzi ya manja aafupi.

Kuyeza thupi

Munthu sangathe kudziyeza yekha molondola, choncho mayi amapempha mnzake kapena mwana wake wamkulu kuti amuyeze. Woyezedwa amaimirira chilili, manja ali m'mbali. Woyeza amazunguliza tepi pachifuwa, m'chiuno ndi m'munsi mwa chiuno. Kenaka amayeza kuchokera paphewa lina kufika paphewa linzake, kutalika kwa dzanja, ndi kutalika kwa bulauzi yonse kuchokera pakhosi. Tepi siiyenera kuthina kapena kulendeŵera. Miyezo yonse imalembedwa m'kope nthaŵi yomweyo, pakuti mutu umaiŵala.

Pano mpamene masamu a kusukulu amagwira ntchito. Mwachitsanzo, mayi wina chifuwa chake ndi masentimita 92. Bulauzi itati isokedwe ndi muyezo womwewo, mayiyo sangathe kupuma bwino kapena kukweza manja posenza mtsuko. Choncho amaonjezerapo masentimita 8 kuti chovala chikhale chomasuka, ndipo onse pamodzi amakwana masentimita 100. Tsono amagaŵa 100 panayi, napeza 25. Amagaŵa panayi chifukwa pepala lililonse la patani limaimira gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi: theka la kutsogolo kapena theka la kumbuyo. Pepala lakutsogolo amalikulitsako pang'ono kuti pakhale malo a mabatani. Patani yogula imakhala itaonjezeredwa kale malo omasukaŵa, motero mayi amangosankha ya msinkhu wake.

Kukonza ndi kudula nsalu

Nsalu yatsopano ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba. Mayi wosadziŵa zimenezi amasoka bulauzi yomukwana bwinobwino, koma akangoichapa kamodzi apeza kuti yayamba kumthina m'khwapa. N'chifukwa chake nsalu iyenera kuyamba yaviikidwa m'madzi, kuyanikidwa pamthunzi ndi kusitidwa, isanakhudzidwe ndi sizasi.

Nsalu ili ndi mbali ziŵiri zazitali zolimba, zimene ulusi wake sumasuka. Wosoka amapinda nsalu paŵiri m'litali mwake, kuti mbali zolimbazo zikumane, ndipo kumaso kwa nsalu kukhale m'kati. Amaiyala patebulo kapena pamphasa yoyera, nasalaza makwinya onse ndi manja. Atatero amayala mapepala onse a patani pamwamba pake, asanadule ngakhale chigawo chimodzi, kuti aone ngati nsalu ikukwanira.

Pakuyala mapepala pali malamulo atatu. Loyamba, kutalika kwa pepala lililonse kulondole kutalika kwa nsalu. Ulusi woyenda m'litali ngwolimba ndipo sutamuka, koma chigawo chodulidwa mopingasa chimapotoka chikachapidwa. Lachiŵiri, pepala la chigawo chakumbuyo liikidwe penipeni pa mpindiro wa nsalu, ndipo pampindiropo pasadulidwe. Potambasula, chigawocho chimatuluka chathunthu, chopanda msoko pakati pa msana. Lachitatu, ngati nsalu ili ndi maluŵa kapena mbalame, zonse ziyang'ane kumwamba. Bulauzi imene mbalame zake zazondoka kumbuyo imaseketsa anthu panjira.

Mapepala akagwiridwa ndi timapini, wosoka amalemba ndi choko kuzungulira pepala lililonse. Ngati patani ilibe malo a msoko, amasiya sentimita 1½ kunja kwa mzerewo, ndipo m'munsi amasiya malo okulirapo opinda. Apa mayi wanzeru amayamba waima kaye, nayang'ananso zonse kachiŵiri. Ngati pali chimene chikumkayikitsa, amafunsa wodziŵa, pokumbukira kuti safunsa adadya phula. Akakhutira, amadula ndi dzanja limodzi, linalo litatsamira pansalu kuti isasunthe. Popeza nsalu njopinda paŵiri, kudula kamodzi kumatulutsa zigawo ziŵiri, chakumanja ndi chakumanzere.

Kulumikiza ndi kuyesa

Wosoka wabwino sathamangira kusoka msoko weniweni. Poyamba amalumikiza zigawo ndi msoko wongogwiriza, wotalikirana, wa ulusi wa mtundu wina kuti uzioneka bwino pouchotsa. Mwini bulauzi amaivala, nakweza manja, naŵerama, nakhala pansi. Ngati pena pakuthina, msoko umasunthidwira kunja. Ngati pakukhwepa, umaloŵetsedwa m'kati. Kukonza cholakwa pa nthaŵi imeneyi nkwapafupi, chifukwa ulusi wogwirizawo umangosololedwa.

Zonse zikakhala bwino, kusoka kwenikweni kumayamba, ndipo kuli ndi dongosolo lake. Choyamba ndi timapindo tosongoka tapachifuwa, timene timachititsa nsalu yathyathyathya kutsata maumbidwe a thupi. Kenaka pamabwera misoko ya m'mapewa, kolala, misoko ya m'mbali, ndipo pambuyo pake manja. Wosoka pamanja amagwiritsa ntchito msoko wobwerera m'mbuyo: singano ikatuluka kutsogolo, imabwerera kukaloŵa pamene msoko wapita udathera. Msoko umenewu ngwolimba ngati wa makina. Msoko uliwonse ukatha, umasitidwa asanayambe wina, ndipo m'mphepete mwake mumakulungidwa ndi ulusi kuti nsalu isamayoyoke.

Gawo lovuta koposa ndilo kuika manja. Mutu wa dzanja umakhala wokulirapo pang'ono kuposa malo amene uyenera kuloŵa. Wosoka amapititsa ulusi m'mphepete mwa mutuwo, naukoka pang'onopang'ono mpaka dzanja litakwana, popanda kusiya makwinya. Ayeneranso kusamala kuti asasinthanitse manja, chifukwa kutsogolo kwa dzanja nkokumbika kwambiri kuposa kumbuyo kwake. Dzanja lamanzere likaikidwa kumanja, bulauzi imakoka paphewa ndipo wovala samasuka. Ambiri amasomola kaŵiri kapena katatu asanakhoze, koma zimenezi si zochititsa manyazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kutsiriza

Chotsala ndi kupinda m'munsi mwa bulauzi ndi kumapeto kwa manja, kenaka mabatani. Pa malaya a amayi, mbali yakumanja imakhala pamwamba pa yakumanzere. Choncho tiziboo timakhala kumanja, mabatani kumanzere. Pa malaya a abambo zimakhala mosemphana. Wosoka amayamba ndi tiziboo, natisoka m'mphepete kuti tisang'ambike, ndipo pambuyo pake amaika batani lililonse moyang'anana ndi kaboo kake. Pomaliza amachotsa ulusi wonse wogwiriza, nasita bulauzi yonse. Ngati simbi ndi yamakala, amayamba waiyesa pakansalu kotsala, kuopa kuti phulusa kapena moto ungaononge ntchito ya masiku ambiri.

Ntchito ikatha, singano ndi timapini zimasungidwa m'kachitini kotseka, kutali ndi ana aang'ono. Timapini sitiyenera kuikidwa m'kamwa, chifukwa munthu angathe kumeza. Zidutswa za nsalu sizitayidwa: zimasanduka zigamba, mipango yam'manja kapena zidole za ana. Patani nayo imapindidwa bwino, nilembedwa dzina la mwini wake, ndi kusungidwa pouma, posafika chiswe ndi makoswe. Patani imodzi yomweyo ingathe kutulutsa mabulauzi ambiri, ndipo yachiŵiri imakhala yosavuta kuposa yoyamba. Atsikana ndi anyamata ambiri amene adayamba ndi kuthandiza amayi ao kugwira tepi ndi kuloŵetsa ulusi m'singano, atakula adasanduka atelala odzidalira.

Mau ofunika kuŵadziŵa

Patani: mapepala osonyeza maonekedwe a zigawo za chovala.
Msoko: mzere umene ulusi walumikiza nsalu.
Kusomola: kumasula msoko.
Kukhwepa: kukula kwa chovala kuposa thupi la wovala.

Mafunso

1. Tchulani njira zitatu zopezera patani.
2. N'chifukwa chiyani nsalu ya thonje iyenera kuviikidwa m'madzi isanadulidwe?
3. Chifuwa cha mtsikana wina ndi masentimita 72. Mukaonjezera masentimita 8 ndi kugaŵa panayi, mupeza masentimita angati?
4. Kodi msoko wongogwiriza uli ndi ntchito yanji?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "safunsa adadya phula".

Zochita

Jambulani patani ya bulauzi ya chidole panyuzipepala yakale. Dulani zigawo zake zonse, ndipo mulembe dzina pa chigawo chilichonse.