Foni nayo imadziwa zokhazo zimene inaonetsedwa

Ife alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi sitinaiwale kumapeto kwa caka ca 2016, pamene mbozi zacilendo za fall armyworm zinagwa m'cimanga, mpaka boma linatuma ndeke za asilikali kuti zinyamule mankhwala. Mu 2018 bungwe la FAO ndi yunivesite ya Penn State ku America anatulutsa pulogalamu ya pafoni yochedwa Nuru. Mlimi amaloza kamera pa tsamba, ndipo foni imamuuza ngati mboziyo yadyapo.

Kodi foni imadziwa bwanji? Si matsenga ayi. Akatswiri amaonetsa kompyuta zithunzi zikwizikwi, ciliconse ndi dzina lake, mpaka izolowere kusiyanitsa. Bvuto lagona pa zithunzizo. Mu 2016 ofufuza a PlantVillage anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi 54,306 za mbewu 14 ndi matenda 26. Poyesedwa ndi zithunzi zofanana ndi zimene inaphunzira, inakhoza 99 pa 100 alionse. Ataipatsa zojambulidwa kwina, inakhoza 31 cabe. Masamba amene inazolowera anali othyoledwa, ojambulidwa pamalo oyera, opanda dothi, udzu kapena mthunzi wa m'munda.

Palinso kucepa kwa mitundu ina. Tiyerekeze kuti pa zithunzi 1,000, zokwana 900 n'za mbozi yacilendoyi. Kompyuta ikamangoyankha kuti "ndi yomweyo", idzakhoza 900, eni ake n'kuomba m'manja. Nanga kapuci wathu wakale? Nanga matenda aja olemba mizere yacikasu pa masamba, amene mankhwala a mbozi sawacita kanthu? Wotaya ndalama ndi mlimi amene wagulitsa mbuzi kuti agule botolo losayenera.

Akatswiri ali ndi njira zocepetsera bvutoli. Amatembenuza ndi kudetsa zithunzi zocepazo kuti zicuruke, ndiponso amalanga kompyuta kwambiri ikalakwa pa mtundu wosowa. Koma ife tikuona kuti njira yoposa ndi kujambula m'minda yeniyeni, m'mawa ndi masana, cimanga ca makolo ndi ca haibulidi, alangizi a zaulimi ndi a ku Msekera ku Chipata n'kutsimikiza dzina la cithunzi ciliconse.

Pakali pano, foni ikanena, tsegulani mtima wa cimanga muone nokha. Mbozi yacilendoyi ili ndi cizindikiro ca Y wozondoka pamutu, ndi madontho 4 akuda ca kumcira.