MWANA SALI MIMBA YOKHA

Makolo a ku Mchesi, tiri ndi mau kwa inu mwezi uno. Ambiri a inu mumalawira m'banda kucha, wina kukapala matabwa, wina kukagulitsa ndiwo pamsika, ndipo mubwera kutada, thupi litalema. Ana mwawadyetsa, mwawabveka: ichi nchabwino ndithu. Koma mwana sali mimba yokha. Ali nawo mtima, ndipo mtimawo umadwalanso.

Kumudzi mnyamata anali ndi atsibweni ache, mtsikana anali ndi agogo ndi anankungwi, ndipo madzulo pamoto nkhani zinkatuluka zokha. M'tauni muno, m'nyumba ya lendi, onsewo palibe. Tsono mwana akalephera mayeso a MSCE, akanyozedwa ndi anzache pa foni, akaona bambo wache akumenya mai wache, adzadandaulira yani?

Tikumbukire Yohane Bosco Woyera, amene ansembe a chipani chache atumikira pafupi nafe ku Area 23. Iye adabadwa m'chaka cha 1815, ndipo bambo wache adamwalira iye ali ndi zaka ziwiri. M'chaka cha 1841 adayamba kusonkhanitsa anyamata mu mzinda wa Turin, amene adachoka kumidzi kudzafuna nchito, monga afikira ambiri ku Mchesi. Sadawalere ndi mkwapulo. Maleredwe ache adakhala pa mafuwa atatu: nzeru, chipembedzo ndi kukoma mtima. Ankasewera nawo, ankawadziwa maina, mpaka iwo okha adamuululira zakukhosi.

Inunso chitani chomwecho. Idyani pamodzi ndi ana anu, wailesi ndi foni zitatsekedwa. Funsani mwana za tsiku lache, ndipo mumlole atsirize mau musanamweruze. Akalakwa mdzudzuleni kuseri, osati pamaso pa anzache, pakuti manyazi apweteka kuposa ndodo. Inu abambo, musati kucheza ndi ana ndi nchito ya amai okha, ndipo musauze mnyamata kuti mwamuna salira.

Penyetsetsaninso zizindikiro. Mwana amene kale anali wansangala akayamba kudzitsekera m'nyumba, kukana nsima, kusowa tulo, kuthawa sukulu, makamaka akanena kuti kuli bwino angofa, musati ndi mwano kapena ufiti. Musamsiye yekha. Mpempherereni, inde, koma monga simupempherera malungo osapita kuchipatala, pitani naye ku Bwaila kapena kwa a St John of God ku Area 43, kumene athandiza odwala maganizo. Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana, njaulere.

Ndipo inu a m'miphakati, pakuti atsibweni ndi agogo adatsala kumudzi, lowani m'malo mwao. Paja akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Banja Loyera la ku Nazareti lisunge mabanja athu onse.